Ngwazi za m'ng'anjo: dothi lokana magetsi ndi dothi lowatsegulira njira

Munthu wochokera ku Lilongwe pamsewu wa M1 akangowoloka Bua, maso ake amathamangira pa fodya. Uku zigafa, uko zigafa, kutsogolo malole a mabelo atandanda pachipata cha msika wa Chinkhoma, ndipo patali phiri la Kasungu lili njo pakati pa chigwa ngati chulu m'munda. Ndi ochepa amene amakweza maso n'kuona tinthu tabulauni tonga makapu ovundikira pamwamba pa mapolo a ESCOM, pamene pamagona waya. Tinthu timeneti ndi dothi. Ndi abale ake a mphika wa ndiwo, koma tanyamula waya wa mavolti 11,000 kapena 33,000 usana ndi usiku, pamvula ndi padzuwa, osalola magetsi kutsetserekera mumtengo n'kupha mwana amene wautsamira podikira minibasi.

Nkhani ya dothi ndi magetsi inandilowa bwino nditakumbukira amalume anga, amene moyo wawo wonse sanagwirepo waya. Ntchito yawo inali kusonkhezera moto wa balani pa esiteti ina ya fodya wa fuluu, chakum'mawa kwa boma. Balani ikadzaza, sabata yonse sankagona m'nyumba. Masiku awiri kapena atatu oyamba moto unkakhala wonyengerera, madigiri 35 kufika 40, kuti tsamba lisanduke lachikasu lisanaume. Kenako ankaukweza pang'onopang'ono, uku akutsegula tizitseko ta mpweya kuti chinyezi chituluke, mpaka cha m'ma 70, pamene msana wa tsamba umathyoka kuti thyo. Ukafulumira kukweza moto, fodya amaumira kubiriwira. Ukachedwa kutsegula mpweya, amada, ndipo ku okushoni umabwerako manja ali m'khosi. Tsiku lina ndili mnyamata ndinaponya chipika chachikulu pamoto wa balani, ati kuwathandiza. Anachisolola msangamsanga n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, nkhuni ndi zomwezi, fodya ndi yemweyu. Chimene ogula amalipira ndi mmene wakwezera moto, ndi nthawi imene watsegulira mpweya."

Opanga zadothi za magetsi ku Japan, ku Germany ndi ku China amadyera mawu omwewa. Ngwazi zonse zimene ndazisonkhanitsa pano zinatuluka m'ng'anjo, ndipo chimene chinazipatsa ukatswiri ndi moto ndi mpweya.

Wamakani kuposa onse

Chinthu chilichonse chili ndi makani akeake magetsi akafuna kudutsamo. Asayansi amati resistivity, ine pano ndingoti makani. Mwa zinthu zimene timazigwira tsiku ndi tsiku, chopanda makani kwambiri ndi siliva, ndipo wotsatira pafupi ndi kopa, n'chifukwa chake mbava sizimapatsa mpumulo mathiransifoma. Kumapeto kwinako kuli galasi lopangidwa ndi nsangalabwi yoyera yokhayokha, mwala umene asayansi amautcha quartz, itasungunulidwa pa madigiri oposa 1,700. Kuti unene kuti makani a galasi limeneli amaposa a kopa kangati, uyenera kulemba 1 n'kumutsatiza ndi maziro oposa 20. Pa kulemera, chitsulo ndi thonje sizisiyana chonchi ngakhale pang'ono.

Chifukwa chake chili m'kamangidwe ka maatomu. Mu kopa, ena mwa maelekitironi a atomu iliyonse ali ngati mbuzi za m'chilimwe anthu atakolola: palibe yomangidwa, zimayenda munda ndi munda, ndipo ukazikusa zonse zimalowera kumodzi. Kulowera kumodziko ndiwo magetsi. Mu nsangalabwi, atomu iliyonse ya silicon yagwirana ndi maatomu anayi a okosijeni, ndipo maelekitironi onse a kunja ali pantchito yolimbitsa mgwirizanowo. Ndi mbuzi za m'dzinja, iliyonse pachikhomo pake. Ukhoza kukuwa mpaka kusasa mawu, palibe isunthe.

Moto umachita zosiyana pa awiriwa. Waya wa kopa ukatentha makani ake amakwera, chifukwa maatomu amanjenjemera n'kumapinga njira. Dothi lowotcha likatentha makani ake amatsika, chifukwa zingwe zina zimaduka, ndiponso maatomu otayirira, monga a sodium ndi potassium, amayamba kuyenda okha atasenza magetsi. Galasi la botolo likasungunuka limadutsitsa magetsi bwino lomwe, moti mafakitale ena amalisunga lili lamadzi pongodutsitsamo magetsi.

Womaliza pampikisano: mtsuko wa agogo

Pa msinkhu, zoumba sizipikisana ndi aliyense. Kachidole kadothi ka ku Dolní Věstonice, m'dziko la Czech, kali ndi zaka zoposa 25,000. Mapale a m'phanga la Xianrendong ku China ali ndi zaka pafupifupi 20,000, a ku Ounjougou ku Mali zoposa 11,000, ndipo mbiya za mtundu wa Nkope, zimene zinatchedwa dzina la malo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, zapitirira zaka 1,500. Koma pa nkhani ya magetsi, mbiya yathu ya kumudzi imabwera kumchira, ndipo chifukwa chake n'chokoma kuchidziwa.

Agogo anga aakazi ankatenga mtapo kudambo, kuusinja, kuumba, kukulungiza ndi kamwala, n'kuyanika pamthunzi masiku angapo. Tsiku lowotcha ankaunjika mbiya chafufumimba, pamwamba nkhuni, makungwa ndi udzu, ndipo ana tonse tinkathamangitsidwa. Moto wotere umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900. Zimene zimachitika mkati mwa dongo pa ulendo umenewu zili ndi masiteji ake ngati fodya m'balani. Pa 100 madzi otsalira amatuluka ngati nthunzi, ndipo mbiya imene sinaume bwino imaphulika pomwepo. Pakati pa 450 ndi 600 kumachoka madzi ena, amene anali omangiriridwa m'kamangidwe ka maatomu a dongolo, ndipo amenewa akachoka, dongo silidzabwereranso kukhala matope ngakhale ulimize mu Dwangwa chaka chathunthu. Pa 573, timchenga ta nsangalabwi timene tili m'dongo timatupa mwadzidzidzi, ndipo pozizira timabwerera pomwepo. Apa ndi pamene mbiya ya munthu wopupuluma imachita mng'alu. Agogo ankaigogoda ndi chala: ikalira ngwee, yapsa, ikayankha ngati munthu wa chimfine, imeneyo ndi ya nkhuku.

Koma moto wa pabwalo sufika posungunula kanthu. Timibulu ta dongo timangogwirana m'nsonga, pakati pake patatsala timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowo timeneti ndi timene timachititsa mtsuko kutuluka thukuta, ndipo thukutalo pouma limaziziritsa madzi a mkati. Madzi a mumtsuko mu Okutobala alibe mnzake. Komatu timabowo tomweto timamwa chinyezi, chinyezicho chimasungunula timchere ta m'dothi, ndipo madzi a mchere ndi msewu wa magetsi. Phale louma likhoza kukana magetsi. Mvula ikangolinyowetsa lagonja. Chimene chimakometsa mtsuko ndi chomwe chimaulepheretsa pa polo.

Kakapu ka pa polo kanadutsa moto wina. Amasakaniza dongo loyera la kaolin, mwala wa feldspar ndi nsangalabwi yopera, n'kuwotcha pa madigiri apakati pa 1,200 ndi 1,300. Feldspar amasungunuka n'kulowa m'timabowo tonse ngati phala, pozizira n'kukhala galasi. Nthawi yomweyo maatomu a dongo amadzikonzanso n'kumera tisingano ta mullite topingasana, ngati nsichi ndi mbalo m'chipupa cha nyumba yomata. Zotsatira zake ndi porcelain, amene samwa madzi ngakhale dontho. Kuno kwathu moto wa msinkhu woterewu umayaka ku Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, ndipo dongo loyera loyenera ntchitoyi lilipo ku Linthipe.

Magetsi akalephera kudutsa mkati amayesa kukwawa pamwamba, ndipo n'chifukwa chake kakapu kaja kali ndi masiketi osanjikizana ndi khungu losalala lonyezimira: kutalikitsa njira, ndi kusiya malo ouma kunsi kwa siketi iliyonse. Mdani wake si mvula yamphamvu ayi, imeneyo imatsuka. Mdani ndi chizimalupsa, kamvula kowaza kamene kamagwera pa fumbi ndi mwaye wa miyezi isanu n'kupanga kamatope kopyapyala. Apo magetsi amalumpha, moto wabuluu kuti ng'ani, dera lonse mdima.

Ukafuna kudziwa mphamvu ya waya osafunsa munthu, werenga mbale zadothi zimene zaulendeweza: zikachuluka, mavolti nawo ndi ambiri. Masiku ano zina n'zagalasi, zina n'zonga labala, koma lamulo n'lomwelo. M'Malawi muno ngwazi ndi waya wa mavolti 400,000 wochokera ku Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma, mtunda wa makilomita 173, umene unatha mu 2018. Anzathu a ku Tete anatitsogolera kalekale: waya wochokera ku Songo, pa damu la Cahora Bassa, kupita kufupi ndi Johannesburg unamangidwa kuti uzinyamula mavolti 533,000 pa mtunda woposa makilomita 1,400. Wa dziko lonse uli ku China, kuchokera ku Changji kukafika ku Guquan, mavolti 1,100,000, makilomita oposa 3,000, ndipo unayamba ntchito mu 2019.

Moto waukulu wa Kasungu

Anthu ambiri ukawafunsa moto wotentha kwambiri umene unayakapo m'chigwa chino akuuza za uvuni wa njerwa. Ayi ndithu. Mu nkhalango ya Kasungu National Park mudakali ng'anjo za makolo zosungunulira chitsulo, zoumbidwa ndi dothi, zina zotalika kuposa munthu. Sizinkafuna mvukuto. Utali wakewo ndi umene unkakoka mpweya kudzera m'timipope tadothi tozungulira kunsi, monga mmene chumuni cha balani chimakokera. Kuti zonyansa za mwala zisungunuke n'kusiyana ndi chitsulo, moto unkayenera kupitirira madigiri 1,100, ndipo nsonga za timipope timene ofukula zakale amatipeza n'zosungunuka, zonyezimira ngati galasi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anapempha nkhalamba za kwa Chulu kuti ziyatsenso ng'anjo kuti ntchitoyi ilembedwe, ndipo David Killick analemba kafukufuku wake wonse wa udokotala pa osungunula chitsulo a ku Kasungu a pakati pa 1860 ndi 1940.

Chimene nkhalamba zimenezi zinkachita kwenikweni ndi kulanda okosijeni. Makala oyaka mopereweredwa mpweya amakhala ndi njala ya okosijeni, ndiye amamutsomphola ku mwala wachitsulo. Mwala wofiira, hematite, uli ndi makani ambiri pa magetsi. Ukangochotsako okosijeni pang'ono umasanduka wakuda, magnetite, umene umadutsitsa magetsi mosavuta. Ukachotsa yense, chatsala ndi chitsulo cha khasu. Kusintha komweku ndi kumene umakuona ukaswa njerwa n'kupeza kunja kofiira, mkati mwakuda: mpweya sunafike pakati.

Pa kupirira moto, imodzi mwa ngwazi za dziko lonse ndi hafnium carbide. Mu 2016 ofufuza a ku Imperial College London anamuwotcha ndi kuwala kwa laser n'kupeza kuti amasungunuka pa madigiri 3,958, kuposa tungsten, chitsulo cha mu babu yakale, chimene chimagonja pa 3,422. Koma ngwazi imeneyi pa polo singathandize: imadutsitsa magetsi ngati chitsulo. Kupirira moto ndi kukana magetsi ndi mphatso ziwiri zosiyana.

Wantchito yowawa kwambiri

Ameneyu aliyense wa kabaza wa njinga yamoto amamudziwa, chifukwa injini ikangotsokomola amayamba kumasula iyeyo. Mbali yoyera ya pulagi ndi alumina, aluminiyamu wogwirana ndi okosijeni, wowotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,600. Mutu wake uli panja pamphepo, mapazi ake ali m'moto wa petulo woposa madigiri 2,000, ndipo kambirimbiri pa mphindi iliyonse amatsekereza mavolti zikwi makumi kuti moto ulumphe pa kampata kokha ka kunsonga. Mapulagi oyamba anali a porcelain, koma injini zitayamba kutentha kwambiri galasi la feldspar lija linayamba kudonthetsa magetsi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 opanga anasamukira ku alumina. Miyala yamtengo wapatali ya ruby ndi sapphire imene imakumbidwa pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ndi alumina yemweyu, wongothiridwa timaatomu tina topatsa mtundu. Wina amavalidwa pachala, wina amapukutidwa ndi sanza ya oyilo pa siteji.

Nyale yoyatsa ndi machesi

Mu 1897 Walther Nernst wa ku Germany anatulukira nyale yamagetsi imene inkafuna kuyamba yawothetsedwa moto. Kandodo kake kanali ka zirconia wosakaniza ndi yttria. Kakazizira, magetsi sadutsa n'komwe. Kakatenthedwa kamayamba kuwalola, kenako magetsiwo amapitiriza okha kukatenthetsa mpaka kuwala kuti mbee. Nyale zotsika mtengo zinkayatsidwa ndi machesi kapena kanyale ka sipiriti. Chinsinsi n'chakuti yttria amasiya mipando yopanda munthu m'mizere ya maatomu a okosijeni, ndipo kukatentha maatomuwo amadumpha mpando ndi mpando atasenza magetsi. Nyaleyi inagonja kwa tungsten, koma dothi lake silinafe. Kuyambira 1976, pamene Bosch ndi Volvo analiika m'galimoto, limakhala mu ekizozi n'kumanunkhiza utsi, kuuza injini ngati petulo wachuluka kapena wachepa.

Wopanda makani n'komwe

Ngwazi yodabwitsa kuposa zonse ndi iyi: chinthu chodutsitsa magetsi bwino kuposa siliva, popanda kutaya ngakhale kadontho, ndi dothi lowotcha lakuda, lophwanyika ngati phale.

Mu 1911 ku Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anaziziritsa mercury kufika madigiri 269 pansi pa ziro n'kuona makani ake atazimiririka onse. Kwa zaka 75 zotsatira, khalidweli linkadziwika makamaka m'zitsulo, pa kuzizira koopsa kofuna helium wodula. Mu 1986, Georg Bednorz ndi Alex Müller a ku labotale ya IBM kufupi ndi Zurich anayesa kumene anzawo sankayang'anako. Anapera ufa wa lanthanum, barium ndi kopa wogwirana ndi okosijeni, anauwotcha, ndipo unataya makani pa madigiri pafupifupi 238 pansi pa ziro, kutentha kumene panalibe chitsulo chinafikako. Chaka chotsatira chomwecho analandira mphoto ya Nobel, liwiro losowa m'mbiri ya mphotoyi. Kumayambiriro kwa 1987, magulu a Maw-Kuen Wu ku Alabama ndi Paul Chu ku Houston anaika yttrium m'malo mwa lanthanum n'kufika pa 180 pansi pa ziro. Nambala imeneyi inali yofunika chifukwa nayitirojeni wamadzi, amene ndi wotsika mtengo, amakhala pa 196 pansi pa ziro.

Apa ndi pamene amalume akanagwedeza mutu kuvomereza. Dothi la Wu ndi Chu, limene limatchedwa YBCO, likangotuluka m'ng'anjo ya madigiri oposa 900 n'kuziziritsidwa mofulumira, siligwira ntchito. Pa gulu lililonse la maatomu pamafunika maatomu a okosijeni pafupifupi 7. Akatsala 6, chinthu chomwecho chimakana magetsi. Ndiye amalibwezera pamoto wonyengerera wa madigiri 400 kapena 500, n'kumalipemerera okosijeni maola ambiri, kuti atomu yosowayo ilowe n'kukhala pamzere wake pakati pa maatomu a kopa. Ufa ndi womwewo, ng'anjo ndi yomweyo; atomu imodzi mwa zisanu ndi ziwiri, ndi kudekha kwa wosonkhezera moto, ndi zimene zimasiyanitsa chokana magetsi ndi chopanda makani. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi.

Mbiri ina yapamwamba, popanda kupanikiza chinthucho ndi makina, inafikidwa mu 1993 ku Zurich ndi dothi la banja lomweli lokhala ndi mercury: madigiri pafupifupi 140 pansi pa ziro. Kumeneko n'kozizirabe kuposa malo alionse padziko, pakuti ku Vostok, ku Antarctica, kunayezedwa 89.2 pansi pa ziro mu 1983. Choncho mawaya a ESCOM a dothi loterolo tisawayembekezere mawa. Mu 2023 dziko linatekeseka ndi LK-99 wa ku Korea, amene eni ake ankati alibe makani pa kutentha kwa m'chipinda. Ma labotale ena atamuwotcha okha anapeza kuti si zoona. Ine ndimasangalala ndi sayansi imene mbiya ya mnzako umaigogoda wekha.

Wamng'ono kuposa njere ya fodya

William Kamkwamba wa ku Wimbe, asanamange makina ake a mphepo mu 2002 ali ndi zaka 14, anayamba ndi kutsegula mawailesi. Aliyense amene anachitapo zimenezi amakumbukira tinthu tofiirira tonga nseula tokhala ndi miyendo iwiri. Ndi ma capacitor adothi, tinkhokwe tosunga magetsi kwa kanthawi. Ambiri amapangidwa ndi barium titanate, amene anatulukiridwa m'zaka za m'ma 1940. Atomu yake ya titanium sikhala pakati penipeni pa nyumba yake, imapendekera mbali imodzi, ndipo kupendekerako ndi kumene kumamupatsa mphamvu yosunga magetsi ochuluka m'malo ochepa.

Lero foni yamakono imodzi imakhala ndi tinkhokwe totere pafupifupi 1,000. Kampani ya Murata ya ku Japan inapanga kena ka mamilimita 0.25 m'litali ndi 0.125 m'lifupi. Mlimi wa ku Kasungu amadziwa kuchepa kwa njere ya fodya, imene pofesa pa nazale amachita kuisakaniza ndi madzi mu kheni chifukwa chala sichingaigwire. Kanthu aka n'kochepa kuposa njereyo, komabe mkati mwake muli timapepala tadothi ndi tachitsulo tosanjikizana. Kamawotchedwa kawiri. Koyamba mopanda mpweya, kuti timapepala ta nickel tisachite dzimbiri. Koma moto wotero umalanda okosijeni ku dothi n'kulichititsa kudontha magetsi, ndiye kachiwiri amapatsako mpweya woyeza bwino kuti makani abwerere.

Barium titanate yemweyu ukamuthira kachidutswa ka lanthanum kapena yttrium amaswa lamulo lija lakuti dothi likatentha makani amatsika. Iye amalola magetsi mpaka cha pa madigiri 120, pamene atomu ya titanium imabwerera pakati, ndipo makani ake amalumpha kuwirikiza ka 1,000 kapena kuposa. Kali m'kabokosi kakuda pambali pa injini ya firiji ya m'golosale, kothandiza kuidzutsa kenako n'kudzitseka kokha.

Titanium ameneyu amachokera m'miyala monga rutile, ndipo apa Malawi ali ndi ngwazi yakeyake. Ku Kasiya, m'chigwa chomwechi chakummwera, m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals inalengeza mu 2022 kuti yapeza rutile wochuluka kuposa malo ena alionse odziwika padziko, m'dothi lokwana matani 1.8 biliyoni. Ku Kanyika ku Mzimba, kufupi ndi malire a Kasungu, kuli niobium. Ku Kangankunde ku Balaka kuli miyala yokhala ndi lanthanum. Nkhani zokoma zimenezi ndimazimva ndi khutu limodzi. Mtengo weniweni wa ufa umenewu umabadwira m'ng'anjo, ndipo ng'anjozo zili kutsidya kwa nyanja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Wosintha mtima msanga kuposa onse

Ndikanapatsidwa chikho chimodzi chokha, ndikanachipereka kwa uyu, ngakhale dzina lake silinamvekepo pa wailesi.

Chigwa cha Kasungu n'chathyathyathya, ndipo mu Disembala ndi Januwale mitambo ikaunjikana chakumadzulo, polo ya magetsi imakhala m'gulu la zinthu zazitali pamtunda wonse. Mphenzi imodzi imanyamula ma ampere pafupifupi 30,000. Ikamenya waya, kapena kungomenya pafupi, mavolti amakwera mwadzidzidzi n'kuthamangira ku thiransifoma. Yang'ana pamwamba pa thiransifoma ya pa tauni iliyonse: pambali pa waya uliwonse wolowa pamakhala kanthu kamasiketi konga botolo, kamene mwendo wake wina walumikizidwa ku waya wotsikira m'nthaka. Mkati mwake muli timabulo totuwa tosanjikizana ngati mabisiketi, ta zinc oxide wothiridwa bismuth pang'ono ndi zina. Anatulukira zimenezi ndi Michio Matsuoka ndi anzake a ku kampani ya Matsushita ku Japan, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Tsiku wamba timabulo timeneti ndi amakani. Magetsi a ESCOM amagogoda, palibe kutsegula. Mavolti akangopitirira muyeso, makani amagwa nthawi yomweyo, pasanathe gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, ndipo mphenzi yonse imatsikira m'nthaka. Ikangodutsa, chitseko chatsekedwanso, firiji ya m'golosale ikungolira ngati palibe chachitika. Mulibe sipuling'i, mulibe switchi, mulibe chosuntha chilichonse.

Luso lake lili m'malire. Kabulo kalikonse ndi timibulu tosawerengeka tomatirirana, kamodzi kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Mkati mwa kambulu magetsi amayenda momasuka. Pa malire a kambulu ndi kanzake pali kachipata kamene kamatseguka pa mavolti pafupifupi 3. Ndiye muyeso wa kabulo konse umadalira kuchuluka kwa zipata kuchokera pamwamba kufika pansi. Wopanga akawotcha nthawi yaitali, kapena kukweza moto kupitirira madigiri 1,200, timibulu timamezana n'kukula, zipata zimachepa, ndipo kabulo kamatseguka pa mavolti ochepa. Akafupikitsa moto, timibulu timatsala tating'ono, zipata n'kuchuluka. Nambala imene imadindidwa pa chitsulo chake inalembedwa kale ndi wotchi ya pa ng'anjo.

Ndipo zipatazo sizimangika moto uli pamwamba. Zimamangika pozizira, pamene okosijeni amalowerera m'malire a timibulu n'kukhazikika. Ukatulutsa kabulo kali kofiira n'kukaziziritsa mwadzidzidzi, kamatuluka kooneka bwinobwino koma kopanda zipata, ndipo kamalola magetsi alionse.

Amalume nawo moto ukazima sankalola munthu kukhudza fodya. Tsamba lotuluka kumene pa madigiri 70 limafumbutuka m'manja ngati chigumu chouma. Ankatsegula chitseko ndi tizitseko tonse madzulo, kuti chinyezi cha usiku chilowe n'kulifewetsa, iwo n'kuyala chiguduli pakhomo pa balani, chipewa kumaso. Ife otsitsa mikangala tinkafika m'mamawa n'kuima chapatali, kudikira kuti alowe okha, afinye tsamba limodzi m'dzanja n'kulitambasulanso.